Mpando Wofunda M'galimoto Yakale: Tiyambe Taŵerenga Mtengo Wake

Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa ana athu akangofika ku Britain kukaphunzira kapena kukagwira ntchito. Magalimoto aja amene kuno kwathu timachita kutembenuka kuwayang'ana akamadutsa pamsewu, a Mercedes-Benz, a BMW, a Jaguar ndi a Lexus, kumeneko akakalamba amagulitsidwa motsika mtengo, nthaŵi zina kuposa kagalimoto kakang'ono kamene kayenda zaka zochepa. Mnyamata amene wagwira ntchito miyezi ingapo m'chipatala kapena m'nyumba yosamaliramo okalamba angathe kugula galimoto imene poyamba inkanyamula mkulu wa kampani. Ena mwa magalimoto otereŵa amakwezedwa m'sitima za pamadzi ku Britain ndi ku Japan, natsitsidwa ku Dar es Salaam, naloŵa m'Malaŵi kudzera pa Songwe. Chotero nkhani iyi ndi ya ana athu a kutali, komanso ndi yathu ife a kuno.

Munthu akagula galimoto yotere, mtima wake umayamba kufuna kuikometsa. Ku Glasgow kapena ku Leeds, kumene m'mwezi wa January madzi amaundana pagalasi la galimoto usiku, chokhumba choyamba chimakhala mpando wofunda, ndiye kuti mpando wokhala ndi chotenthetsera cha magetsi m'kati mwake. N'chimodzimodzinso ku Johannesburg m'miyezi ya June ndi July. Ngakhale kuno, amene amalaŵirira mbandakucha ku Dedza kapena ku Mzuzu m'nyengo yachisanu amadziŵa mmene mpando wachikopa umazizirira. Ife sitiona cholakwa m'chokhumba chimenechi. Koma tifuna kunena poyera kuti mpando wofunda ndi chinthu chomalizira. Mabuleki, matayala ndi ndalama za pakhomo ndizo zoyamba, ndipo wosintha dongosolo limeneli amadzalira pambuyo pake.

Chifukwa chake mtengo uli wotsika

Titenge chitsanzo chimodzi chodziŵika bwino: Mercedes-Benz E-Class imene amakanika amaitcha W211, yopangidwa kuyambira 2002 mpaka 2009. Ngakhale yomalizira kutuluka m'fakitale yapitirira kale zaka 15. Ndi galimoto yabwino ndithu, yachete pamsewu, ya mipando yofeŵa, ndipo ikasamalidwa imayenda mitunda yaitali. Koma chimene chinatsika ndi mtengo wogulira wokha. Zipangizo zake ndi malipiro a mmisiri woidziŵa zidakali za galimoto ya anthu olemera. Wogulitsa amadziŵa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake amaitaya motchipa.

Magalimoto a mtundu umenewu opangidwa kuyambira 2002 mpaka pakati pa 2006 ali ndi mabuleki otchedwa SBC. Woyendetsa akaponda, phazi lake silikankha oyilo wa mabuleki monga m'magalimoto ena. Kompyuta ndiyo imamva kupondako, nilamula pampu yamagetsi kuti igwire mawilo. Mabuleki ameneŵa anavutitsa kotero kuti kampani inaitanitsa magalimoto ochuluka zedi mu 2004 ndi mu 2005 kuti akaonedwe, ndipo mu 2006 inawasiya pa E-Class. Pampuyo ili ndi malire a ntchito yake. Kompyuta imaŵerenga nthaŵi zonse zimene mabuleki apondedwa, ndipo chiŵerengero chikakwana pamatuluka chenjezo padashibodi. Kusintha pampu imeneyi kungadye ndalama zoyandikira mtengo wa galimoto yokalambayo.

Ena mwa magalimotoŵa sakhala pa masipuling'i achitsulo, koma pa matumba a mphira odzazidwa mpweya, otchedwa Airmatic. Matumbaŵa akakalamba amang'aluka, ndipo mwini amapeza m'maŵa galimoto itagwada mbali imodzi. Akanyalanyaza, pampu ya mpweya imagwira ntchito kosapuma kufikira itapsa. Pa misewu yathu ya maenje ndi fumbi vutoli silichedwa kufika. Palinso kapulagi ka mawaya pa giyabokosi ya magiya asanu odzisintha okha, kamene kakatha kamayamba kudontha. Oyiloyo amakwera m'mawaya monga parafini akwerera m'chingwe cha koloboyi, kufikira ataloŵa m'kompyuta yosinthira magiya. Kapulagiko n'kotchipa, koma kompyutayo ndi yodula.

Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chotero musanapereke ndalama, funsani buku kapena malisiti osonyeza mmene galimotoyo inkasamalidwira, ndipo pitani nayo kwa makanika amene ali ndi kompyuta yoŵerengera zolakwa za mtundu umenewu. Ku Britain mbiri ya mayeso a MOT a galimoto iliyonse imaonedwa kwaulere pa intaneti polemba nambala yake. Wogulitsa akakana kuti galimoto iyesedwe, wakuyankhani kale.

Mmene mpando wofunda umagwirira ntchito

Mipando yofunda si yachilendo. Kampani ya Cadillac ku America inayamba kuigulitsa mu 1966, ndipo ya Saab ku Sweden, dziko lozizira kwambiri, inaiika pa mpando wa woyendetsa m'magalimoto ake kuyambira 1972. Nzeru yake ndi yapafupi. Pakati pa chikopa ndi siponji amaikapo kansalu kopyapyala kokhala ndi waya wochepa kapena ulusi wa kaboni. Magetsi a mavoti 12 akamadutsamo, kansaluko kamatentha. Mpando umodzi umakhala ndi tinsalu tiŵiri, kena pokhalira, kena kumsana, ndipo zida zambiri zogulitsidwa m'masitolo zimakoka pakati pa maampere 3 ndi 6 pa mpando umodzi. M'kati mwake muli kachida koyesa kutentha, kamene kamazimitsa magetsi mpando ukatentha mokwanira ndi kuwayatsanso ukazizira.

Ubwino wake ndi uwu: hita ya galimoto imadikira kuti injini itenthe kaye, ndipo injini ya dizilo imachedwa kutentha m'nyengo yozizira, pamene mpando umayamba kufunda m'mphindi zoŵerengeka. Namwino wotuluka ntchito yausiku kapena mkulu wodandaula msana angaupeze kukhala chithandizo chenicheni.

Njira zoikira ndi ziŵiri. Yoyamba ndiyo kugula mipando ya galimoto inzake ya mtundu womwewo, imene inatuluka m'fakitale ili kale ndi zotenthetsera. Komatu mipando yokha siikwana: pamafunika mawaya ake, maswitchi ake, ndiponso kuuza kompyuta ya galimoto kuti tsopano muli chinthu chatsopano. Yachiŵiri ndiyo kugula tinsalu totenthetsera ndi kutiloŵetsa m'mipando imene ilipo. Imeneyi ndiyo yotchipa, ndipo ndiyo imene ambiri amatsata. Mpando umamasulidwa, chikopa chimavulidwa mosamala, kansalu kamamatidwa pa siponji popanda khwinya, kenaka chikopa chimavekedwanso. Kansalu ka kaboni kangadulidwe pokhapo pamene wopanga walola. Ka waya sikadulidwa konse.

Ngozi zitatu zoyenera kuzidziŵa

Ngozi yoyamba ili m'mpando momwemo. M'mbali mwa mipando yakutsogolo ya W211 muli airbag, thumba lija limene limafufuma m'kuphethira kwa diso kuteteza munthu galimoto ikawombedwa. Amene amasula mawaya ake batire lisanachotsedwe angaliphulitse kumaso kwake, kapena kuyatsa nyali yochenjeza imene sizima yokha. W211 ili ndi batire lalikulu m'buti, ndipo zoyambirira zili ndi lina laling'ono kutsogolo. Ndiponso pansi pa chikopa cha mpando wa wokwera pali kamphasa kamene kamauza galimoto ngati pakhala munthu kapena ayi. Chotenthetsera choikidwa molakwika chingasokoneze kamphasa kameneka, ndipo tsiku la ngozi airbag singachite monga iyenera. Pamenepo amene avulala ndi mkazi wanu kapena mayi anu amene munawakhazika pa mpando waulemuwo.

Ngozi yachiŵiri ndi moto. Mawaya a chotenthetsera ayenera kukhala ndi fyuzi yawoyawo ya msinkhu umene wopanga wanena, ndi relay imene imadula magetsi kiyi akazimitsidwa. Popanda zimenezi mpando woiŵalika uli woyaka umatha batire usiku umodzi, ndipo waya wopanikizidwa ndi njanji za mpando angasupuke nayatsa siponji. Chizoloŵezi chija cholumikiza pa waya aliyense amene ali pafupi, kapena kuika kawaya m'malo mwa fyuzi yopsa, n'choopsa m'galimoto iliyonse, koma makamaka mu iyi, pakuti mawaya ena sanyamula mphamvu, amanyamula mauthenga pakati pa makompyuta. Safunsa anadya phula. Ntchito imeneyi ipatsidwe kwa mmisiri wa magetsi a galimoto amene anaigwirapo kale.

Ngozi yachitatu ndi ya khungu. Madokotala amadziŵa kuti kutentha kwa madigiri 44 kokha, kukakhalitsa pakhungu maola angapo, kungathe kuotcha. Munthu wathanzi amamva kutentha nazimitsa. Koma odwala matenda a shuga amene mitsempha yawo inafooka, opuwala miyendo, okalamba kwambiri, ana aang'ono ndi munthu amene wagona tulo paulendo sangamve msanga. Ndipo kugwiritsa ntchito moto wambiri tsiku ndi tsiku kungasiye maŵanga akuda pakhungu, onga amene timaona pamiyendo ya okonda kuothera pafupi ndi moto. Yatsani kufikira mutafunda, kenaka tsitsani kapena zimitsani. Musayale bulangete kapena khushoni pa mpando woyaka, musaugwadire ndi bondo, pakuti waya wake amaduka, ndipo musauyatse ukanyowa kapena pakakhala kampando ka mwana.

Zoyamba zikhale zoyamba

Tsono tisanaganize za kufunda, galimoto yakale ili ndi ngongole zake zimene tiyenera kubweza.

Tiyambe ndi mabuleki. Oyilo wa mabuleki amakoka chinyezi, ndipo madzi akachuluka amaŵira potsika mtunda wautali, mabuleki n'kufooka. Aliyense amene anatsikapo msewu wa Golomoti kapena wa Chiweta amadziŵa tanthauzo la zimenezi. Oyiloyu asinthidwe zaka ziŵiri zilizonse. Ngati galimoto ili ndi SBC, makanika ayenera kuzimitsa dongosololo asanagwire mabuleki, pakuti pampu imatha kudzuka yokha chitseko chikangotsegulidwa, nifinya zala za munthu.

Chachiŵiri ndi matayala. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kung'aluka ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. Ku Britain lamulo limafuna kuti mizereyo isachepere mamilimita 1.6.

Chachitatu ndi oyilo wa injini ndi fyuluta yake. Buku la galimoto limatchula nambala ya oyilo wovomerezeka, monga MB 229.5 pa injini zambiri za petulo. Oyilo wopungulidwa m'botolo losadziŵika amatchipa lero, maŵa n'kudya injini. Kumene kuli fumbi, monga kuno m'miyezi ya September ndi October, oyilo ndi fyuluta ya mpweya zisinthidwe msanga kuposa mmene amachitira ku Ulaya. Oyilo wa giyabokosi nayenso amatha mphamvu. Poyamba kampani inkati safunika kusintha, koma pambuyo pake inalangiza kumsintha pa makilomita 60,000.

Chachinayi ndi madzi oziziritsa injini. M'rediyeta musathiremo madzi a pachitsime okha. Mankhwala osakaniza ndi madziwo amateteza ku dzimbiri ndi ku kuŵira, osati ku chisanu chokha, chotero ndi ofunika ku Nsanje monga ali ofunika ku Aberdeen.

Chachisanu ndi madzi a mvula ndi dzimbiri. Galimoto yochokera ku Britain inayenda zaka zambiri pa misewu yothiridwa mchere m'nyengo yozizira, ndipo mcherewo umadya chitsulo cha pansi ndi timapaipi ta mabuleki. Ikwezedwe, ionedwe kunsi. Timabowo totulutsira madzi pansi pa galasi lakutsogolo ndi padenga lotseguka titsukidwe mvula isanayambe, pakuti tikatsekeka ndi masamba, madzi amaloŵa m'kati nakaononga makompyuta.

Chachisanu ndi chimodzi ndi batire ndi alternator. Galimoto imeneyi imadya magetsi ambiri, ndipo batire likafooka imayamba kuonetsa machenjezo osiyanasiyana amene amasokoneza mwini wake. N'kupanda nzeru kusenzetsa mipando iŵiri yofunda pa batire lotopa kale.

Lamulo ndi thumba

A ku Britain akumbukire kuti galimoto yakale imayesedwa MOT chaka ndi chaka, ndipo nyali ya airbag ikakhala yoyaka imalephera mayesowo. Chilichonse chosinthidwa pa galimoto chiyenera kuuzidwa a inshuwalansi, kuopa kuti tsiku la ngozi angakane kulipira. Kuyambira pa 29 August 2023, galimoto yosakwanitsa muyeso wa utsi imalipira £12.50 tsiku lililonse limene yayenda m'dera la ULEZ, limene linafalikira London yense. Pakati pa mzinda wa Glasgow magalimoto otere amalipitsidwa chindapusa kuyambira June 2023, ndipo pakati pa Edinburgh kuyambira June 2024. Dizilo imafunika kukhala ya muyeso wa Euro 6, ndipo palibe W211 ya dizilo imene inapangidwa pa muyeso umenewo. Ichi ndi chifukwa china chimene magalimotoŵa amatchipira.

A kuno akumbukire kuti msonkho wa MRA umakula ndi ukalamba wa galimoto ndi kukula kwa injini yake, ndipo pamwamba pake pali inshuwalansi ndi COF. Zipangizo zambiri zimachokera ku South Africa kapena kutsidya la nyanja, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Malipiro a anthu ambiri sanakwere mofanana ndi mitengo ya zipangizo. N'chifukwa chake m'mabwalo a nyumba zambiri m'mizinda yathu muli magalimoto okongola okhala pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Walira mvula, walira matope.

Mawu kwa achinyamata ndi kwa makolo

Ambuye wathu, pa Luka 14:28-30, anapereka fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuŵerenga ngati chuma chake chidzamaliza ntchitoyo, kuti angasekedwe ataima pa maziko. Iye ankanena za mtengo wa kumtsata, koma anatenga chitsanzocho m'nzeru imene munthu aliyense wolongosoka ayenera kukhala nayo. Mkhristu ndi kapitawo wa chuma chimene si chake, ndipo ukapitawo umaoneka m'tinthu tonga iti.

Kwa inu achinyamata titi: musathere ndalama zonse pa kugula. Sungani gawo labwino lokonzera zimene zidzatulukira m'miyezi yoyamba, pakuti zidzatulukira ndithu. Musatenge ngongole kuti muoneke pa ukwati wa mnzanu. Lembani papepala fizi ya mng'ono wanu, feteleza wa makolo mvula isanagwe, lendi, chakudya ndi chopereka cha kwa Mulungu. Pansi pake lembani inshuwalansi, mabuleki, matayala ndi oyilo. Ngati patsala kanthu, mpando wofunda ulembedwe pamenepo. Ngati muli pabanja, pepala limeneli mulembe aŵiri, pakuti mabanja ambiri ayambana chifukwa cha galimoto imene mwamuna anagula yekha, koma njala yake n'kugwera banja lonse. Mtumwi Paulo, pa 1 Timoteo 5:8, ali ndi mawu olimba kwa munthu wosasamala a m'nyumba mwake.

Kwa ife makolo, mlandu ulipo. Kaŵirikaŵiri ndife amene timafunsa mwana kuti, anzako akubwera ndi Benz, iwe udzabwera nayo liti? Mwanayo, pofuna kutichotsa manyazi pamudzi, amadziika m'goli limene sadzatiuza. Tiyeni tiyamike mwana amene ayenda pa basi koma alibe ngongole, monga tiyamikira amene wabwera ndi galimoto. Ndipo mwana akatiuza kuti mwezi uno watumiza zochepa chifukwa wagula matayala, tisamuyese wouma manja. Wagula moyo wake ndi wa adzukulu athu.

Pakuti nkhani ya mabuleki ndi nkhani ya moyo. M'chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba yatsopano analamulidwa kumanga kampanda kuzungulira denga lake, kuti wina angagwe, mwazi wake n'kukhala pa nyumbayo. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi pa funso 105, amatiphunzitsa kuti kudziika dala pangozi nakonso ndi kuswa lamulolo. Galimoto ya Mkhristu imanyamula anthu ambiri: amayi opita ku msonkhano wa mpingo, wodwala wothamangira naye kuchipatala usiku, ana a kwaya, abale opita ku maliro. Onseŵa amakhulupirira kuti mwini wake anaisamala. Sangaone oyilo wa mabuleki kapena chaka cha tayala. Amene amadziŵa ndi mwini wake ndi Mulungu.

Chotero, aŵerengi athu okondedwa, sitikuletsani galimoto yabwino, ndipo sitikuletsani kufunda. Mlengi amene anatipatsa moto wa kuotha anapatsanso anthu nzeru yopangira zinthu zimenezi, ndipo tizilandira ndi chiyamiko. Koma tiyambe ndi pepala ndi pensulo, kenaka kwa makanika wa mabuleki, kenaka kwa wogulitsa matayala. Zonsezi zikatha, pakhomo pali chakudya ndipo fizi yalipidwa, itanani mmisiri wa magetsi aike chotenthetsera chanu ndi fyuzi yake, ndipo mukhalepo ndi mtima woyera.